Dzuwa la ku Malambo ndi batili la njinga yanu

Aliyense amene amakwela basi tsiku ndi tsiku anacitapo masamu awa mumtima: ndalama yopitila ku nchito, ndalama yobwelela, kuculukitsa ndi masiku a mwezi wonse, n'kuikapo masiku aja a mvula amene kondakita amakweza mtengo yekha osafunsa munthu. Ukumaliza kuwelengela uli pa mzele wa mamotoka pa Great East Road, ukuona wa njinga akukupitilila bwinobwino, ndipo uyamba kuganiza. Masiku ano ganizo limenelo lili ndi dzina: njinga ya malaiti, ija ena amati e-bike. Uchaja monga foni, m'mawa ukwela, thukuta kulibe, kukangana pa chenji kulibe.

Nalo boma linatsegulako citseko. Mu bajeti ya 2024, imene Nduna ya Zacuma a Situmbeko Musokotwane anawelenga mu September 2023, msonkho wa kasitomu unacotsedwa pa mamotoka, mabasi, mathilaki ndi njinga zamoto zoyendela malaiti. Ndiye zinthu zoyendela batili zizingoculuka m'misewu yathu, kaya tifune kaya tisafune.

Wogulitsa adzakuuzani za liwilo ndi makilomita. Cimene sakonda kuchula n'cakuti pa njinga yonseyo pali cinthu cimodzi cimene cimayamba kukalamba tsiku limene catuluka m'fakitale, kaya mukuikwela kaya yangoimikidwa. Ndi batili. Felemu ingakhale zaka makumi awili, mota nayo sifa msanga, koma batili likatha mumatsala ndi cinjinga colema makilogilamu 25, ndipo batili latsopano limadya gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa njinga yonse, nthawi zina mpaka theka. Kuti njinga idzakubwezelani ndalama za basi kapena idzakudyelani, zidalila pa zaka zimene batililo lidzakhala ndi moyo.

Malo amene amaonetsa bwino mmene batili limafela ndi ku Malambo, m'boma la Mambwe. Mukafika ku Chipata, makilomita pafupifupi 570 kucoka ku Lusaka, mumasiya Great East Road n'kuyamba kutsika. Chipata ali pamwamba, mamita oposa 1,000. Mfuwe, makilomita ngati 130 kutsogolo, ali pansi m'cigwa ca Luangwa, pa mamita 500 ndi kanthu. Kutsika kumeneko mumakumva pa khungu. Ili ndi dziko la Akunda, la mafumu a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Msoro ndi a Malama. Mu October, mvula isanagwe, kutentha kumafika madigili 40 ndi kupitilila, ndipo masana munthu, mbuzi ndi galu amalimbilana mthunzi wa mtengo umodzi wa mango.

Kumeneko njinga ndi miyendo ya banja. Cigawo ca Kum'mawa ndiye kwawo kwa njinga kuyambila kale. Akuluakulu akali kukumbukila njinga za Eagle zimene fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga ku Chipata. Njinga imanyamula thumba la mpunga, mtolo wa thonje, mwana wa sukulu, ngakhale wodwala wopita ku cipatala ca Kamoto. Za malaiti zikali zocepa poyelekeza ndi zochova ndi zamoto, koma batili la mtundu umene uli m'njinga za malaiti, la lithium, linafika kale m'midzi. Lili m'foni, lili m'tochi, lili m'tumasola tuja anthu amagula molipila pang'onopang'ono. Ku Shawa Luangwa Camp, m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, kampani ya Green Safaris imapeleka alendo kukaona nyama pa mamotoka oyendela mabatili ochajidwa ndi dzuwa. Ndiye nkhani ya batili ndi kutentha ndi ya tsiku ndi tsiku m'cigwa muja, ndipo cimene cimacitikila batili kumeneko m'caka cimodzi n'cimene cidzacitikila lanu ku Matero kapena ku Mtendere, kungoti mocedwelako.

Muli ciani m'kabokosi kaja

Mukatsegula batili la njinga (musatsegule, mungomva kwa ine) simupeza cinthu cimodzi. Mupeza timabatili ting'onoting'ono tochedwa maselo, tooneka monga mabatili a tochi koma totalikilapo. Ambili ndi a saizi yochedwa 18650, kutanthauza mamilimita 18 m'lifupi ndi 65 m'litali. Batili lofala kwambili, lolembedwa 36V 10Ah, limakhala ndi maselo ngati 40, okhala anayi anayi pa mizele khumi, monga mmene timakhalila m'basi. Mzele uliwonse ukadzala umafika pa 4.2V, ndiye mizele khumi ndi 42V; n'cifukwa cake chaja ya batili la 36V imalembedwa 42V. Ukatsika kufika ca m'ma 3V ndiye kuti wauma.

M'basi imeneyi mulinso kondakita, kabodi kakang'ono kochedwa BMS. Nchito yake ndi kuyang'ana mzele uliwonse, kutseka citseko ukadzala, ndi kuzimitsa zonse mzele umodzi ukauma. Mvetsani apa: mzele umodzi cabe. Mizele isanu ndi inayi ingakhale ndi mphamvu, koma wofookawo ukagwa, njinga yonse imazima. N'cifukwa cake munthu amadabwa kuti magetsi a pa handulo anali kuonetsa mabala awili, kenaka mwadzidzidzi zii.

Opanga amati batili lotele limapilila kuchajidwa ndi kutha maulendo 500 kufika 1,000 lisanayambe kufooka moonekela. Ulendo umodzi pano ndi kugwilitsa nchito mphamvu yokwana batili lathunthu. Mukadya theka lelo, theka mawa, ndiye ulendo umodzi. Koma ziwelengelo zimenezo amaziyeza m'cipinda cozizila bwino, ca madigili 20 kapena 25. Ku Malambo madigili 25 ndi a mbandakuca.

Kampani ya Cadex ya ku Canada, imene imapanga makina oyezela mabatili, inafalitsa ziwelengelo zimene aliyense wofuna njingayi ayenela kuziika pa khoma. Batili la lithium lodzala 100 pelesenti, likangosungidwa caka cathunthu osagwila nchito pa madigili 25, limatsala ndi mphamvu pafupifupi 80 pelesenti ya imene linali nayo. Pa madigili 40 limatsala ndi 65 pelesenti. Koma batili lomwelo likasungidwa lili pa 40 pelesenti m'malo modzala, pa madigili 25 limatsala ndi 96 pelesenti, ndipo pa madigili 40 limatsala ndi 85. Welenganinso. Njinga sinayende ngakhale kilomita imodzi, koma gawo limodzi mwa atatu a batili lapita, cifukwa ca zinthu ziwili zokha: linali lodzala, ndipo linali pa moto.

Ndipo madigili 40 amenewo ndi a mphepo ya mumthunzi. Kabokosi ka batili nthawi zambili n'kakuda, ndipo cinthu cakuda cikakhala pa dzuwa cimapsa kuposa mphepo yozungulila. Amene anakhalapo pa sadulo ya njinga yosiyidwa pa dzuwa pa msika wa Cropping ku Mfuwe 13 hours akudziwa zimene ndikamba. Mkati mwa selo, kutentha kumafulumizitsa zinthu zimene zimadya lithium pang'onopang'ono n'kumanga cikhungu pa mbali imodzi ya selo. Lithium wodyedwayo sabwelelanso. Palibe fundi, palibe mankhwala, palibe pemphelo limene lingamubweze.

Ndiye lamulo loyamba silifuna ndalama iliyonse. Mabatili ambili amacotsedwa ndi kiyi. Mukafika, cotsani, lowani nalo. Ngati silicoka, njinga yonse ipite mumthunzi. Koma mthunzi nawo uli pawili: kanyumba ka malata kopanda siling'i, kotseka mawindo, masana kamakhala uvuni. Pa khonde, pansi pa simenti, pakona yopita mphepo, ndiye malo ake. Mukangotsika pa njinga batili limakhala lofunda cifukwa ca nchito. Lisiyeni lipume theka la ola kapena ola lathunthu musanaike pa chaja. Opanga maselo ambili amaletsa kuchaja kutentha kukapitilila madigili 45, ndipo batili locoka pa ulendo wa masana a October ku Masumba lingafike pamenepo mosavuta. Kuligwila ndi dzanja n'kokwanila: ngati likufunda kuposa mphumi ya mwana wodwala malungo, yembekezani.

Apa anthu a sola ali ndi vuto lawo. Dzuwa limapeleka mphamvu yambili pa nthawi yomweyo imene batili siliyenela kuchajidwa. Batili la 36V 10Ah limasunga ma watt-hour 360, ndipo panelo ya 100W pa tsiku la dzuwa labwino ingathe kutulutsa mphamvu yofika pamenepo, ndiye n'zotheka ndithu kuyendetsa njinga ndi panelo imodzi. Nzelu yake ndi nthambo yaitali: panelo pa dzuwa, batili m'nyumba, ndipo kuchaja kuyambe m'mawa mphepo ikali yozizila, osadikila kuti dzuwa lifike pa liwombo.

Cizolowezi ca load-shedding

Lamulo laciwili ndi lovuta, cifukwa limalimbana ndi cimene 2024 inatiphunzitsa. Pa 29 February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika September makomboni ambili anali kukhala maola 20 ndi kupitilila opanda malaiti. Tonse tinaphunzila cinthu cimodzi: malaiti akabwela, ngakhale 02 hours, uka, ika zonse pa chaja, dzaza mpaka pakamwa cifukwa sudziwa kuti abwelanso liti. Kwa foni ya ndalama zocepa, cabwino. Kwa batili la njinga, cizolowezi cimeneco ndi codula maningi.

Selo ya lithium imavutika kwambili ikakhala pamwamba penipeni, pa 4.2V. Mukamaleka kuchaja pa 4.1V, kumene ndi ca m'ma 85 kapena 90 pelesenti, maulendo amene seloyo ingapilile amaculuka pafupifupi kawili. Pansi napo ndi cimodzimodzi: kuliumitsa mpaka njinga izime yokha tsiku lililonse kumalifooketsa. N'cifukwa cake anthu odziwa amati yendani pakati pa 20 ndi 80 pelesenti. Njinga zochipa zilibe batani loimitsila pa 80, koma wochi muli nayo. Chaja ya 2A imadzaza batili la 10Ah m'maola ngati asanu kucoka pansi. Ngati mwafika kunyumba lili pa 30 pelesenti, maola awili ndi theka kapena atatu akwana. Ikani alamu pa foni, ikalila zulani.

Ine sindili m'gulu la amene amati osadzaza konse. Munthu wa ku Msoro amene mawa akupita ku boma ndi kubwelako tsiku lomwelo afunika dontho lililonse, ndipo wa ku Chawama amene sadziwa kuti malaiti abwela liti sangasewele ndi mapelesenti. Dzazani, koma dzazani pafupi ndi nthawi yonyamuka, kuti batili lisagone lodzala masiku awili kapena atatu. Coipa ndi zitatu zikakumana: lodzala, lotentha, longokhala. Ndiponso kamodzi pa masabata angapo n'kofunika kulidzaza mpaka chaja ionetse gilini, cifukwa m'mabatili ambili ndi pamwamba pamene kondakita uja amalinganiza mizele kuti wina usatsalile kumbuyo.

Ngati mukupita kumudzi kukalima miyezi iwili, siyani batili lili pa theka, locotsedwa pa njinga, pamalo ozizila ndi ouma, ndipo wina aliyang'ane pakapita mwezi. Kulisiya louma ndiye koopsa kwambili. Limapitiliza kutsika lokha pang'onopang'ono, ndipo likapitilila malile ena BMS imakana kulandila chaja. Pamenepo n'cimodzimodzi kuti mwalitaya.

Kanthu kena kakang'ono: malaiti akathima, zulani chaja ku khoma. Akabwela amabwela ndi ukali, ndipo ndi ma chaja ndi mafiliji amene amayamba kulila.

Pali cisokonezo cina cimene ndiyenela kuchula, cifukwa cimagwetsa anthu ocenjela omwe. M'midzi ya ku Malambo, ngakhale m'makomboni a mu Lusaka, anthu anaphunzila za mabatili pa batili la motoka lija loonelela TV ndi lija la sola lolema monga mwala. Amenewo ndi a lead-acid, a mtovu ndi asidi, ndipo lamulo lawo ndi losiyana: amafuna kukhala odzala nthawi zonse, kuchajidwa mwamsanga mukangomaliza nchito, ndipo sakonda kutsika kupitilila theka. Munthu amene anasunga bwino batili la sola zaka zinayi amatenga nzelu yomweyo n'kuiika pa lithium, n'kulipha ndi cikondi. Komanso njinga zambili zochipa, makamaka zija zooneka monga tumasikuta, zimabwela ndi lead-acid: mabatili a 12V anayi kapena asanu obisidwa pansi pa mapazi. Kuzindikila n'kosavuta. Batili la lithium la 36V 10Ah limalema makilogilamu awili ndi theka kapena atatu, mwana angalinyamule. La lead-acid limapitilila makilogilamu 15. Dziwani cimene mwagula musanatsatile malangizo a munthu aliyense, kuphatikizapo anga. Ndipo mukaona lolembedwa LiFePO4 kapena LFP, limenelo ndi lithium wa mtundu wina, wolemelako pang'ono koma wopilila kutentha, amene amafika maulendo 2,000 ndi kupitilila. Wa m'cigwa akalipeza pa mtengo wotheka asaganize kawili.

Mcenga, katundu ndi njovu

Kucoka pa tala ya Chipata–Mfuwe, njila zambili za m'boma la Mambwe ndi za dothi ndi mcenga, ndipo mitsinje ing'onoing'ono yambili m'cilimwe imakhala mcenga wokhawokha. Mota ikamalimbana ndi mcenga, kapena citunda, kapena matumba awili a mpunga pa keliyala, imakoka mphamvu yambili nthawi imodzi, ndipo mphamvu yothamanga m'maselo imawatenthetsa kucokela mkati. Ndiye kunja dzuwa, mkati moto. Nthawi imene njinga imakoka kwambili ndi ponyamuka. Kupotokola thilotulo mpaka kumapeto njinga itaima n'cimodzimodzi ndi dilaiva wa Rosa amene amanyamuka mu giya yacitatu basi ili yodzala. Chovani kawili katatu njinga iyambe kuyenda, kenaka mota ithandize. Pa mcenga wakuya tsikani mukankhe. Manyazi ake ndi ocepa kuposa mtengo wa batili.

Zotsalazo aliyense wa njinga amazidziwa kale, kungoti manje zili ndi mtengo. Tayala lopanda mphepo yokwanila, buleki yokhuza limu, cheni youma ndi fumbi, zonsezi kale zinali kudya ntchafu zanu, lelo zikudya batili. Liwilo nalo limadya: mphepo imene mumalimbana nayo imakula mofulumila kuposa liwilo, moti kuyenda pa 20 m'malo mwa 30 kumawonjezela makilomita oonekela.

Ku Lusaka batili likathela pa Manda Hill mumangotukwana n'kuchova. Ku Malambo nkhani yake ndi ina. Midzi ya kwa Kakumbi ndi kwa Nsefu ili m'dela la Lupande, moyang'anana ndi South Luangwa National Park, ndipo pakati palibe mpanda, pali mtsinje cabe. Dzuwa likapendeka njovu zimawoloka kubwela ku minda ndi ku mitengo ya mango, ndipo anthu a kumeneko amadziwa kuti cisisila ndi mbandakuca si nthawi yokhala pa njila. Batili limene caka catha linali kuyenda makilomita 40 ndipo lelo likuyenda 25 silikuuzani pasadakhale. Mphunzitsi kapena wa zaumoyo amene wawelengela ulendo wake ndi makilomita a caka catha angapezeke akukankha cinjinga colema mumcenga, mdima ukugwa, pa malo amene sayenela kukhalapo. N'cifukwa cake ndi bwino kamodzi pa miyezi ingapo kuyeza: dzazani, yendani njila imene mumaidziwa, lembani makilomita. Nambala ya pa bokosi ndi ya tsiku logula.

Mvula ikabwela mavuto amasintha. Mu January ndi February mtsinje wa Lupande ndi ina imasefukila, dothi lakuda la m'cigwa limamata matayala mpaka wilo kukana kuzungulila. Njinga za malaiti zimapilila mvula yowaza, koma sizinapangidwe kuti zimizidwe. Powoloka madzi, batili licoke, likulungidwe m'pulasitiki, likhale pamutu monga mtolo. Madzi akalowa, sikuti limafa pomwepo. Dzimbili limadya timalata tolumikiza maselo mwakacetecete, vuto n'kudzaonekela patapita masabata. Batili limene lamila musaliike pa chaja kuti muone ngati likali moyo. A ku Kanyama, kumene madzi amalowa mpaka m'nyumba caka ndi caka, ndime iyi ndi yanunso.

Chaja yobweleka

Chaja ya foni timabwelekana m'basi momwe, ndipo palibe cimene cimacitika. Ya njinga si yobwelekana. Batili la 36V limafuna chaja ya 42V. La 48V nthawi zambili limafuna ya 54.6V. Pulagi ingalowe bwinobwino koma manambala n'kukhala osiyana, ndipo ngati BMS ndi yacabecabe, maselo amadzazidwa kupitilila malile. Selo ya lithium ikapitilila malile imatupa, imatentha, ndipo ingayake moto umene umadzipatsa mphamvu wokha, wovuta kuzima ndi ndowa ya madzi. Ku New York mu 2023 ozimitsa moto anawelenga moto 268 woyambitsidwa ndi mabatili a lithium, ndipo anthu 18 anafa. Ambili mwa mabatiliwo anali a njinga ndi masikuta. Kumeneko ndi kumene galimoto yozimitsa moto imafika m'mphindi zocepa. Ganizani nyumba ya udzu kwa Mnkhanya mu October, kapena kacipinda kamodzi ku Kalingalinga kokhala ndi citseko cimodzi ndi ma burglar bar pa windo.

Ndiye musachaje mukugona, musachaje pa bedi kapena pa mpando wa siponji, ndipo njinga isatseke khomo. Batili limene latupa, likununkha monga mankhwala, kapena lagwa n'kusweka kabokosi, litulutseni panja kutali ndi udzu. Lisaponyedwe m'cimbudzi, lisaponyedwe pa dzala limene mumatentha zinyalala.

Kwina anaona kuti kusunga batili ndi nchito yolemetsa munthu mmodzi, n'kuicotsa m'manja mwake. Ku Wedza m'dziko la Zimbabwe, bungwe la Mobility for Africa linayamba mu 2019 kubweleketsa amayi a kumidzi njinga za mawilo atatu zochedwa Hamba. Batili likatha, mayi amapita pa siteshoni ya sola, amasiya louma n'kutenga lodzala. Ku Kigali kampani ya Ampersand imacita cimodzimodzi ndi anyamata a njinga zamoto zonyamula anthu. Batili ndi la kampani, limachajidwa mumthunzi, ndi chaja yoyenela, ndi munthu amene nchito yake ndi yomweyo. Kwa malo monga Mambwe, kumene batili latsopano liyenela kucoka ku Lusaka makilomita pafupifupi 700, ine ndiona kuti njila imeneyi ili ndi nzelu kuposa kugulitsa munthu njinga n'kumutsanzika.

Koma inu amene mukuwelenga muli pa mpando wa kumbuyo, batili lidzakhala lanu, ndiye tiyeni timalize masamu aja. Batili la 36V 10Ah, mukamathandiza ndi kuchova, limayenda makilomita 30 kufika 50. Titenge 35. Kulidzaza kumadya osapitilila theka la yuniti ya ZESCO, ndalama imene simungakwele nayo basi ngakhale sitopu imodzi. Maulendo 500 kuculukitsa ndi 35 ndi makilomita 17,500. Wokhala ku Chelstone wogwila nchito mu tauni, amene amayenda makilomita ngati 30 patsiku kupita ndi kubwela, masiku 26 pa mwezi, afika pamenepo m'zaka ziwili zosakwana. Akamalisunga mumthunzi ndi kuleka pa 80 kapena 90, zaka zitatu kapena zinayi n'zotheka. Akamaliimika pa dzuwa kunja kwa shopu tsiku lonse lili lodzala, n'kuligoneka pa chaja usiku uliwonse m'nyumba ya malata, lingayambe kumugwetsa ulesi caka cisanathe. Tengani mtengo wa batili latsopano, gawani ndi miyezi imeneyo, muikepo pa ndalama ya malaiti. Imeneyo ndiye ndalama yoyelekeza ndi ya kondakita.

Batili likafooka, si nthawi zonse pamene maselo onse 40 afa. Nthawi zambili ndi mzele umodzi kapena BMS. Fundi wodziwa angayeze mzele uliwonse n'kukuuzani. Koma cenjelani ndi wokonza amene amasakaniza maselo ocotsa m'malaputopu akale ndi atsopano, kapena amene amawotcha maselo ndi soldering iron m'malo mwa makina ake owotchelela timalata. Kutentha kwa citsulo cija kumawononga selo lisanayambe n'komwe nchito. Woipitsitsa ndi uja amene amacotsa BMS n'kulumikiza nthambo mwacindunji kuti njinga iyake mulipile. Iyaka ndithu.

Pa 29 April 2022 Zambia ndi DR Congo anasainilana pangano mu Lusaka lakuti adzagwilizana kupanga zinthu za mabatili a mamotoka a malaiti, popeza mkuwa ndi cobalt zimacoka m'nthaka yathu. Mpaka mafakitale amenewo adzayambe kutulutsa, batili lililonse la njinga limene mudzagula labwela pa sitima ya m'madzi, lakhala m'kontena pa doko, lakwela thilaki, ndipo mwina lagona m'sitolo miyezi imene palibe anawelenga. Kukalamba kuja kunayamba kale. Ndiye pogula tembenuzani batili muone deti imene linapangidwa, muone ngati manambala a pa chaja akugwilizana ndi a pa batili, ndipo mufunse kuti galanti ya batili palokha ndi miyezi ingati, cifukwa nthawi zambili imasiyana ndi ya njinga. Kenaka funsani mtengo wa batili latsopano la njinga yomweyo, ndipo muwapemphe akuonetseni limodzi pa shelefu. Akakuuzani kuti stock ili m'njila, funsani kuti njila yake ndi iti.